Kapitawo Wagulidwa Katatu Koma Akadali Pakhomo Panga

Kwa Bwana Mkulu Woyang'anira Chimwemwe cha Makasitomala,
Kampani ya Onjezani Okushoni ya pa Foni,
Kumtunda komwe kumawomba mphepo.

Bwana wanga wolemekezeka,

Ndagwada. Simukundiona, koma ndagwada ndithu, ngakhale bondo lamanzereli podzuka lifuna anthu awiri. Kaya mwadzuka bwanji kumeneko, pamodzi ndi amayi kunyumba, ana, ndi makompyuta onse? Kuno kuchigwa tadzuka bwino, dzuwa lokha ndi limene latsika kudzakhala nafe pakhonde.

Ine ndine Juliana Paison, wa kuseri kwa Ngabu, mkazi wamasiye, gogo wa adzukulu ochuluka moti ena ndimawaitana ndi mluzu. Sukulu ndinalekera Sitandade 3, ndiye mukaona zilembo zikutsetsereka ngati zikupita kudambo, si mowa ayi, ndi maphunziro. Kalatayi ndalemba ndekha, ndipo mpongozi wanga Agnesi, mkazi wa mwana wanga, aijambula ndi foni n'kuiika patsamba lanu kuti dziko lonse lione mmene mumasangalatsira anthu. Zabwino sabisa.

Ndiyambe ndi chimene chinandifikitsa pakhomo panu. Chaka chatha Shire anabwera kudzacheza m'nyumba mwanga osagogoda. Potuluka ananyamula nkhuku, mtondo, ndi khoma limodzi lathunthu. Ndiye chaka chino ndamanga kanyumba kena pamtunda. Makoma aima, ndi a zidina zosawotcha, mitengo ya denga yakwera, malata ena ndinagula nditagulitsa thonje. Atsala malata asanu ndi limodzi, a mbali yogona. Inu a kutauni mwina simudziwa: zidina zikaona mvula zilibe denga, zimakumbuka kuti zinali dothi, zimabwerera kwawo.

Chuma changa chotsala ndi tonde mmodzi, dzina lake Kapitawo. Tinamutcha choncho chifukwa sagwira ntchito iliyonse, amangoyendayenda n'kumakalipira anzake. Ndi wamkulu ngati thole, ndevu zakuda bii, nyanga yakumanja inathyoka pankhondo ya chikondi. Agnesi ndi amene anati tisapite naye kwa ogulitsa nyama a pa Ngabu, amafinya mtengo ngati akufinya chithupsa. Anati pa foni pali okushoni, Malawi yense amapikisana, wokweza kwambiri ndi amene amatenga. Tinamusambitsa Kapitawo ndi sopo, koyamba chibadwire. Tinapachika chitenje changa cha kutchalitchi kumbuyo kwake kuti chithunzi chikongole. Chithunzi chinakongoladi. Chitenjecho anadya pangodya.

Tsono ndiloleni ndiike mathokozo anga m'manambala, monga muchitira inu ophunzira.

1. Zikomo chifukwa cha Lachisanu lija la okushoni.

Bwana, chikwatiwire sindinasangalalepo chotere! Tinasonkhana amayi pansi pa mtengo wa masau, pomwe netiweki imapezeka ukaima ndi mwendo umodzi. Agnesi atanyamula foni m'mwamba, ife maso tong'o. Mtengo wa Kapitawo unayamba kukwera. Unapitirira mtengo wa mbuzi, tinawomba m'manja. Unapitirira mbuzi ziwiri, nthungululu zinayamba. Utafika pa thole ndinavula mpango. Utafika pa ng'ombe yaikazi yamkaka, ine ndinali pakati pa bwalo ndikuvina utse, bondo lomwe lija litaiwala kuti limadwala. Anansi anga a Priscilla, amene sanandipatse moni chiyambire pomwe Kapitawo anawayendera m'munda wa thonje, ananditcha achemwali. Nthawi itakwana foni yanu inaphulitsa maluwa, timanja tachikasu tikuwomba tokha, ndi mawu akuti zabwino zonse. Madzulo omwewo ndinatumiza uthenga kwa mmisiri wanga a Raphael kuti anole sowo, ndipo ndinayamba kulingalira ngati nyumbayo isafunikenso galasi pawindo. Munthu wosauka kumulotetsa masana dzuwa likuswa mtengo, popanda ngakhale kapu ya kachasu, ndi luso. Mulungu akuonjezereni.

2. Zikomo pondidziwitsa kwa bambo Francisco wa Magalimoto.

Ameneyu ndiye anapambana. Pachithunzi chake watsamira galimoto yoyera, magalasi akuda, nsapato zosongoka zoti ukhoza kukumba nazo mbatata. Malamulo anu anati ali ndi masiku asanu ndi awiri oti alipire, ndipo pa masiku amenewo mbuzi ndisaigwire, ndi yake. Pyadidi, ndinati, zili bwino.

Tsiku loyamba analemba kuti ali pamzere kubanki. Tsiku lachitatu anali pamzere womwewo. Ndinamumvera chisoni mwana wa eni, kuima masiku atatu ndi nsapato zimene zija. Tsiku lachinayi kunagwa maliro a amalume ake, ndinamupepesa. Tsiku lachisanu amalume omwewo anagonekedwa kuchipatala, ndinathokoza Mulungu kuti adzuka, matenda amachizika kusiyana ndi imfa. Lachisanu ndi chimodzi anatitumizira chithunzi chosonyeza kuti ndalama watumiza, manambala onenepa bwino, koma m'foni mwa Agnesi munalibe ngakhale fungo lake. Ine posadziwa zamakono ndinakwera kabaza, ndinakaonetsa chithunzicho kwa mwini sitolo ya malata. Bamboyo anachiyang'ana mwaulemu, nandiuza kuti palibe vuto, nayenso andipatsa chithunzi cha malata. Tsiku lachisanu ndi chiwiri nambala ya bambo Francisco inayamba kuyankhidwa ndi mayi wina wachizungu wonena kuti sakupezeka. Mukamuona mumuuze kuti akhoza kuchokapo pamzere paja.

3. Zikomo chifukwa cha lamulo lanu lanzeru loti woyamba akathawa, mbuzi imagwera wachiwiri, nayenso ndi masiku ake asanu ndi awiri.

Wachiwiriyo anali mtsikana dzina lake Monalisa. Ameneyu ndimamulemekeza, sananame. Anayankha foni kamodzi kokha n'kunena poyera kuti mbuzi saifuna, amakhala m'chipinda cha lendi cham'mwamba, ndipo nyama ya tonde imamutulutsa ziwengo. Akuti analowa mu okushoni chifukwa Francisco uja ndi mwamuna amene anamusiya, ndiye ataona dzina lake likupikisana, anaganiza zomukwezera mtengo mpaka amve kuwawa. Anafuna kudziwa kwa ine ngati bamboyo akadali ndi mkazi wa wigi uja. Analira. Ndinamutonthoza, ndinamuuza kuti amuna otsamira magalimoto a eni sasowa, apeza wina. Tinacheza mpaka mayunitsi a Agnesi anatha. Taonani ubwino wa kampani yanu, bwana: ndinalowa kudzagulitsa mbuzi, ndatuluka ndili nkhoswe ya banja lotha. Koma popeza lamulo ndi lamulo, masiku ake asanu ndi awiri tinadikirabe onse, kuopa kuti ziwengo zingapole.

4. Wachitatu.

Apa ndiyambe ndamwa madzi.

Wachitatu dzina lake la pa foni linali Bilionea wa Kumudzi, chithunzi chake mkango. Ndinati eya, tsopano tafika kwa eni ndalama. Agnesi anaimba nambala yake. Bwana, foni inalira kuseri kwa mpanda wanga! Tinadula, inasiya. Tinaimbanso, inaliranso. Kusuzumira, ndi alamu anga a Simoni, mng'ono wa malemu amuna anga, ali khale pampando wa ndalema akukupiza moto ndi chipewa. Bilionea ameneyu njinga yake ilibe tcheni chiyambire Pasaka. Tsiku la okushoni anali nafe pansi pa masau pomwepo, akuwomba m'manja ndi dzanja limodzi pantchafu, linalo likudina. Akuti ankandithandiza kukweza mtengo, chikondi cha pachibale. Ndipo popeza malamulo anu amupatsa mbuzi kwa sabata, anapempha ngati angabwereke Kapitawo akayendere mbuzi zake zazikazi pamene akufunafuna ndalama. Zimene ndinawayankha sindilemba, kalatayi awerenganso abusa.

Ndikuyamikireni apa, chifukwa mwaphweketsa malonda. Pamsika wa pa Ngabu munthu wofuna mbuzi amavutika. Amabwera ndi miyendo yake, amaigwira msana, amaiyang'ana mano, amanyoza pang'ono kuti mtengo utsike, kenako amapisa m'thumba anthu akuona. Akanena kuti ndatenga n'kuthawa, mawa lake sangadutsenso pamsikapo, amayi a tomato amuimba nyimbo. Kwanu kumangofunika chala. Ndipo chala, bwana, chilibe thumba, chilibe nkhope, chilibe kwawo.

5. Zikomo, makamaka, chifukwa cha kuwerenga kwanu kwachangu.

Masabata atatu atatha ndinakulemberani dandaulo. Ndinanena ine, Agnesi akudina. Ndinafotokoza za pamzere, za ziwengo, za mkango wa kuseri kwa mpanda, ndinapempha kuti mbuzi muibweze pamsika ipeze wogula wa thumba. Pomaliza ndinatseka monga anandilelera amayi anga, Msena wa ku Nsanje: ndinati, Takhuta.

Madzi a tiyi asanawire yankho linafika. Munati mwakondwa kwambiri kumva kuti ndakhuta, nkhani yatsekedwa. Ndipo pachithunzi cha Kapitawo, kuyambira kunyanga yothyoka mpaka kumchira, munamenya chidindo chofiira: WAGULITSIDWA, WOGULITSA WAKHUTIRA.

Bwana wanga, ndikhululukireni kuti ine wa Sitandade 3 ndiphunzitse inu a madigiri. Kuno kuchigwa lilime lathu lili ndi makomo awiri, timalowera kwina n'kutulukira kwina. Takhuta pa Chisena si mimba ayi. Ndi zikomo. Munthu akakupatsa madzi akumwa, takhuta. Akakusunthira pa benchi, takhuta. Namwino akakubaya jakisoni wopweteka uja, umatsitsa chitenje n'kunena takhuta. Anthu akabwera kudzakulira maliro, umawauza takhuta, ndipo palibe amene amaganiza kuti wadya malemuwo. Ine ndinangopereka ulemu, inu munamva kuti ndasamba m'manja ndipo ndikutokosa m'mano.

Ndinalembanso kachiwiri, kalata yaitali, kulongosola zonsezi mofatsa ngati ndikuphunzitsa mwana kupeta. Koma mlandu ndi wa amayi anga, anandilera bwino mopitirira. Pofika kumapeto pakamwa panga panatuluka pokha, chala cha Agnesi nacho chinadina chokha, nayenso ndi wa kwathu konkuno. Takhuta. Yankho lanu linabwera mwachangu kuposa poyamba, kundithokoza potsimikizanso. Pamenepo ndinazindikira kuti makina anu amawerenga kalata ngati mmene agalu amalonjerana, amayambira kumchira, n'kuthera komweko.

Kachitatu tinaimba nambala yanu ya madandaulo. Munatiikira nyimbo. Inali nyimbo yabwino, sindinama, ya gitala. Mawu a mtsikana ankabwera pakatipakati kutiuza kuti ndife ofunika kwambiri. Chibadwire palibe anandiuzapo zimenezo kasanu ndi kawiri motsatizana, ngakhale malemu pofunsira. Ndinavinako pang'ono. Mayunitsi anatha ndikadali wofunika.

6. Zikomo pondipatsa ulemu wa Wogulitsa wa Mwezi.

Uwu ndiye mtolo wa maluwa umene wandithyola khosi. Popeza palibe mbuzi inagulidwapo pa mtengo wa ng'ombe, munatenga chithunzi changa ndili chilili pambali pa Kapitawo, mano onse anayi panja, n'kuchimwaza m'mafoni a dziko lonse ndi mawu akuti gogo wa ku Ngabu walemera ndi Onjezani, nanunso yesani lero.

Chilengezereni zimenezo pakhomo panga sipazizira. Msuweni wanga wa ku Makhuwira, amene ndinamuona komaliza ndili ndi mano onse, wawoloka Shire ndi ana anayi ndi mphasa, akuti magazi amakoka. Kutchalitchi andisuntha kuchoka kumbuyo, tsopano ndimakhala kutsogolo pafupi ndi mbale ya chopereka, ndipo ulaliki wa masabata awiri wakhala wa Hananiya ndi Safira, mlaliki akuyang'ana ine. Mkulu wina wamasiye wa ku Dolo watumiza mawu kuti wakhala akundiganizira kuyambira kale. Ndikawauza kuti sindinalandire kalikonse, amaseka, amati olemera onse amatero.

Zonsezo ndikanapirira. Koma tsiku la msika lapitali ndinati basi, fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndibwerere kwa ofinya aja. Tinamumanga Kapitawo pa kabaza, akukalipa njira yonse. Titafika pa Ngabu, ogulitsa nyama anangomuona ndevu ndi nyanga, onse kutulutsa mafoni. Anamuzungulira ngati kwabwera woimba wotchuka, ena kujambulitsa naye. Koma wogula, nkhabe, palibe ndi mmodzi yemwe. Akuti mbuziyi ndi ya eni, chidindo chofiira chikunena, ndipo wogulitsa anakhuta kale, kawiri. Wina anati iye safuna kukagona kupolisi chifukwa cha mbuzi yogulitsidwa pawiri. Wina anandilangiza mwachikondi kuti pa msinkhu wangawu ndisayambe zimenezi. Ine, Juliana, zaka makumi anayi ndikugulitsa pamsika umenewo osabera munthu ngakhale chikho cha mapira! Ndinabwerera ndi mbuzi yanga yomwe si yanga, wakabaza n'kundilipiritsa kawiri, akuti amanyamula anthu otchuka.

Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Kampani yanu yautembenuza mwambiwo. Kapitawo wakondwa, wanenepa, akuyenda ngati wapambana chisankho, amalonda ali kutali ngati Joni. Wagulidwa katatu osachoka pakhomo. Mpeni sungamukhudze, chingwe cha wogula sichingamukhudze. M'chigwa chonse chino palibe cholengedwa chotetezedwa ngati iyeyu, ndipo akudziwa. Dzulo anadya kolala ya malaya a msuweni wanga ali pachingwe, n'kundiyang'ana ngati akuti kadandaule ku kampani.

Tsono bwana, kuseka ndaseka, mpaka nthiti. Koma dzulo lomwelo mitambo inaunjikana pamwamba pa mapiri a Thyolo, yakuda ngati ndevu za mwini nkhaniyu, ndipo mphepo inabwera ndi fungo lija la dothi lonyowa. Achule ayamba kuyesa mawu kudambo. A Raphael anabwera, anayang'ana kumwamba, anayang'ana makoma anga, anachotsa chipewa ngati afika pasiwa. Akuti ikagwa yoyamba yamphamvu mbali yogonayo ilibe denga, tidzayambanso kuumba. Ine manja oumbira kachitatu ndilibe. Ndinaumba ndili mtsikana, ndinaumba chaka chino ndi msana wobwereka, zakwana.

Ndiye ndabwera ndi timapempho tiwiri tokha, tating'ono, tosayenera munthu wamkulu ngati inu.

Loyamba: mutume mmodzi wa anyamata anu, amene chala chake sichinatope, akafufute chidindo chofiira chija tsiku la msika likudzali lisanafike, ndipo alembe poyera, m'Chichewa chanu chakumtunda chomwecho, kuti Juliana Paison sanalandire kanthu, mbuzi ndi yake. Sindikupempha ng'ombe ija ayi, ndinaivinira kale, zinatha. Ndikupempha mundibwezere mbuzi yanga imene ili pakhomo panga, ndikaigulitse kwa anthu okhala ndi nkhope. Ulemu wa Wogulitsa wa Mwezi mukhoza kuupereka kwa a Simoni, agwira ntchito kuposa ine.

Lachiwiri ndi loti mwina loyambalo n'lolemera, pakuti ndikudziwa kuti muli ndi chimwemwe cha anthu ambiri choti muyang'anire. Zikatero musadzivutitse, ingondilemberani msewu ndi nambala ya chitseko cha ofesi yanu. M'mabuku mwanu Kapitawo ndi katundu wolipiridwa amene akudikira mwini wake, ndipo ine si bwino ndizisunga katundu wa makasitomala anu m'khola lopanda loko. Ndibwera naye ndekha pa minibasi, kondakitala ndagwirizana naye kale, akuti bola akhale kumbuyo ndi matumba a makala. Adzadikirira bambo Francisco pamenepo, mwina mzere wa kubanki uli chakufupi. Savuta kusamala. Amakonda mapepala, makamaka okhala ndi chidindo, ndipo fungo lake mudzalizolowera pofika Khirisimasi, ife tonse tinazolowera.

Agnesi wandionetsa chithunzi cha ofesi yanuyo patsamba lanu. Bwana, denga limenelo! Ndinayamba kuwerenga malata ndi chala, sukulu yanga inandithera panjira. Sindikukayika kuti pansi pa denga lotero pangasowe kangodya ka nkhalamba imodzi yofunika kwambiri, yoti iusepo mvula mpaka mwezi wa Malichi. Sindidzasokoneza ntchito. Ndidzangokhala pafupi ndi tebulo lanu, kuti makasitomala akamalowa azidzionera okha gogo amene analemera.

Msuweni wanga ndi ana ake anayi akuti kumene ndipite iwonso apita, magazi amakoka. Za mphasa musavutike, tibwera ndi zathu.

Ndatha ine mbusa wanu wosalembedwa ntchito, wogwada mpaka wina adzandidzutse,

Juliana Paison,
Nyumba ya theka la denga,
Kuseri kwa Ngabu, Chikwawa.